BMW R 1250 GS Adventure: njinga ndi yodalirika, koma wondigulitsa anandiyenda pansi

Njinga yamoto imeneyi ndinaigula yogwirapo kale ntchito pa sitolo ina ya njinga zakale ku Johannesburg, ndi cholinga choti ndizipita nayo kwathu ku Blantyre m'malo mogona m'basi. Za mtengo sindinena zambiri, chifukwa aliyense amene anafunsapo za GS akudziwa kuti ndalama zake munthu akhoza kugula galimoto yabwino n'kutsalako zina. Chimene chandilembetsa ndemanga ino ndi matayala.

Pokambirana za mtengo tinagwirizana kuti aikapo matayala atsopano kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo ndalama yake inalembedwa pa lisiti padera. Tsiku lokaitenga, bambo wogulitsayo anandilandira ndi kapu ya khofi komanso mano onse ali pamtunda, matayala akunyezimira ali bii, ndipo anandigwira paphewa n'kunena kuti ndiyende mtima uli m'malo. Mapepala a umwini wa njinga, amene munthu sungadutse pa chipata chilichonse popanda iwo, anali atandizunguza nawo kale ndi mawa losatha, choncho ndinanyamuka ndili ndi mkwiyo ndi munthuyo, ndipo mkwiyowo unagwera njinga yomwe. Msewu wa N1 mpaka ku Beitbridge, kenako Masvingo, Harare ndi Nyamapanda, ndinauyenda ndikuwerengera mumtima kuti ndikangofika kwathu ndiigulitsa.

Zinthu zinasintha nditawoloka Zambezi pa Tete n'kudutsa Moatize, dzuwa litapendeka. Amene amayenda msewu wopita ku Zóbuè akuudziwa: malole ataliatali otsatana, phula lodyeka m'mbali, ndi maenje amene umawaona utawafika kale. Lole ina inaganiza zopitirira inzake pokhota ndipo inadzaza mbali yanga yonse. Ndinafinya mabuleki ndi mphamvu zanga zonse n'kukhotetsera kumphepete, komwe kunali dzenje lakuthwa m'milomo, ndipo ndinaligunda ndili ndi mabokosi odzaza katundu mbali zonse ziwiri. Njinga zambiri ukazigwira mabuleki motero zimagwada kutsogolo, mashoko n'kufinyika mpaka kutha, moti pofika pa dzenje sipakhalanso chofewetsa kugundako. Iyi sinagwade, chifukwa kutsogolo kwake kuli dongosolo lotchedwa Telelever, limene limachititsa kuti mphamvu ya mabuleki isathere pa mashoko. ABS, imene imaletsa matayala kumangika ukafinya mabuleki mwamphamvu, inagwira ntchito yake, tayala silinatsetsereke pa miyala ya m'mphepete, ndipo njinga inatuluka m'dzenjemo ili chiimire, chiwongolero chosagwedezeka. Ndinali ine amene ndinkanjenjemera.

Nditayenda pang'ono, pa sikirini panabwera chenjezo lakuti mpweya wa tayala lakumbuyo ukutsika. Ndinaima pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu, pomwe mnyamata wina wokonza matayala anali ndi pampu ndi beseni la madzi pansi pa mtengo wa mango, ndipo tinamvana bwinobwino m'Chichewa monga zimakhalira chigawo chimenecho. Iye anayamba kufunafuna pomasulira gudumu kuti atulutse chubu, koma matayala a njingayi alibe chubu ngakhale kuti magudumu ake ndi a masipoko, popeza masipokowo amalowa m'mphepete mwa rimu, kunja kwa malo a mpweya. Tinathira madzi a sopo, thovu linatuluka pa kabowo kamene kachitsulo kanaboola, tinatsekapo ndi kachingwe ka labala, ndipo gudumu silinachoke pamalo pake.

Ndi mnyamata ameneyu amene anapukuta m'mbali mwa tayala ndi kansanza konyowa, polishi yakuda n'kutsalira pa nsanzapo. Pansi pake panaoneka ming'alu ing'onoing'ono ya labala wouma. Anandilozera manambala anayi amene amadindidwa pa tayala lililonse, awiri oyamba osonyeza sabata ndi awiri omaliza osonyeza chaka chimene linapangidwa, ndipo chakacho chinali chofanana ndi cha njinga yeniyeniyo. Lakutsogolo linali chimodzimodzi. Ndinalipira matayala atsopano, koma ndinapatsidwa akale opakidwa polishi, ndipo munthu amene anachita zimenezi ankadziwa bwino lomwe kutalika kwa ulendo umene ndinali nawo. Nditamuimbira foni anayamba ndi kundifunsa za nyengo ya ku Mozambique, kenako ananena kuti matayalawo anali akadali ndi mano okwanira ndipo kwa iye zimenezo n'chimodzimodzi ndi atsopano. Kuyambira pamenepo mauthenga anga amangowawerenga osayankha.

Komabe ndikanama ndikanena kuti njingayi ndikufunabe kuigulitsa. Injini yake ya masilinda awiri otulukira m'mbali, ya 1,254 cc, ili ndi mphamvu zoti ukafuna kupitirira lole suchita kufunafuna giya yotsika, ndipo imakoka mofatsa ngakhale pa zitunda za ku Mwanza uli ndi katundu. Kumbuyo kulibe tcheni, kuli shafiti, choncho nkhani yothira girisi ndi kukunga tcheni chodzaza fumbi madzulo aliwonse palibe. Galasi lakutsogolo limatchinga mphepo mokwanira kuti khosi lisawawe, ndipo mpando wake munthu umatha kukhalapo tsiku lathunthu. Thanki ya malita 30 ndiyo ndinaiyamikira kwambiri nditalowa m'Malawi, pamene ndinapeza mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta. Ndinali nditadzaza ku Tete, ndinafika ku Blantyre ndisanathe ngakhale theka la mafutawo, ndipo ndinayenda maulendo anga a m'tauni osagulako petulo wa m'zigubu.

Zovuta zake n'zodziwikiratu ndipo munthu aziganizire asanatulutse ndalama. Ikadzaza mafuta imalemera makilogalamu 268, ndipo mpando wake ukautsitsa kwambiri umakhala pa mamilimita 890, moti wamfupi amaponda pansi ndi zala zokha. Pa phula kulemerako kumaiwalika, koma pa kanjira kamchenga kopita kumudzi inagona pansi, ndipo tinachita kuidzutsa ndi anyamata a kabaza amene ankaizungulira akufunsana ngati ili njinga kapena galimoto yopanda denga. Pa mzere wa galimoto masana, kutentha kwa injini kumamveka m'miyendo. Makaniko wanga wa ku Ndirande, amene amadziwa njinga zing'onozing'ono ngati chikhatho chake, anasintha oyilo bwinobwino koma za magetsi ndi kompyuta yake anakana kukhudza, ndipo mafyuluta ndimachita kuitanitsa ku South Africa.

Njingayi ndikuipatsa nyenyezi zinayi, ndipo imodzi yachotsedwa ndi kulemera kwakeko. Sitolo ija siikuyenera ngakhale imodzi. Matayala atsopano ndagula ndi ndalama zanga kachiwiri, akale aja ndawajambula manambala ake akuoneka bwino, ndipo lisiti ndi zithunzizo ndikazipereka ku ofesi ya Motor Industry Ombudsman of South Africa, imene imamva madandaulo a ogula galimoto ndi njinga zamoto, ndikangobwerera ku Johannesburg.