Kutsatsa geni ya mpunga pa WhatsApp ndi pa Facebook: zomwe ndaona patapita miyezi yambiri

Ndimagulitsa mpunga wa Kilombero, nyemba ndi chiponde ndili kunyumba ku Area 25, ku Lilongwe. Ndilibe shopu kapena benchi kumsika, malonda onse amadutsa pafoni. Kwa miyezi yambiri tsopano ndakhala ndikutsatsa m'njira zitatu: WhatsApp Business, tsamba la Facebook, komanso kulipira kuti uthenga wa patsambalo ufikire anthu ambiri, zomwe amati boost. Pa zitatuzi, yomwe ikundidyetsa mpaka lero ndi WhatsApp, makamaka status.

Status imakhala maola 24 n'kuzimiririka, ndipo amaiona ndi anthu okhawo amene anasunga nambala yako, iwenso n'kusunga yawo. Lamulo limeneli ndi lomwe linasintha kagwiridwe kanga ka ntchito. Ungajambule chithunzi chokongola chotani, ngati kasitomala sanakusunge mufoni mwake, sachiona. Choncho aliyense amene wagula, ngakhale kilo imodzi, ndimamupempha pomwepo kuti, "Mayi, sungani nambala yangayi, inenso ndisunge yanu, mudziona katundu akangofika." Pabotolo lililonse la chiponde ndimamatapo kapepala ka nambala. Uthenga wa broadcast, womwe umautumiza kamodzi kwa anthu ambiri, mpaka 256 pa mndandanda umodzi, nawonso umafika kwa okhawo amene anakusunga. Anthu amenewa ndimawaona ngati mbewu yosunga m'nkhokwe, chifukwa ndi amene amabweranso mwezi ndi mwezi popanda ine kulipira kalikonse.

Chomwe chimayenda pa status ndi chithunzi chimodzi cha katundu weniweni, chojambulidwa panja kukuwala, mtengo utalembedwa pomwepo. Mpunga uli m'dzanja umakopa kuposa thumba lotseka, chifukwa wodziwa Kilombero amafuna aone ngati ndi wosasweka komanso wopetedwa bwino. Makanema aatali anthu amawadumpha, ndipo sindiwaimba mlandu: bandulo ndi ndalama. Ndimaika m'mamawa anthu asanalowe ntchito, ndi madzulo akaweruka. Sabata yolandira malipiro ma oda amachuluka, pakati pa mwezi kumakhala zii, ndiye katundu wambiri ndimamuonetsa kumapeto kwa mwezi.

Kulowetsa anthu m'gulu la WhatsApp asanavomere sindichita, ndipo ndimadandaula ndikaona anzanga a geni akuchita. Munthu amatuluka m'gulumo atakwiya, nthawi zina n'kukutsekera nambala, kasitomala n'kutayika chotero.

Zida zina za WhatsApp Business zandithandiza mosiyanasiyana. Catalogue, pomwe umaika zithunzi za katundu ndi mitengo yake, inabwera mu 2019 ndipo ndi yabwino kwa amene mitengo yake imakhazikika. Kwathu kuno, chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wopikulira ndi wa thiransipoti sukhalitsa, ndiye ukaiwala kukonza catalogue umakangana ndi kasitomala amene waona mtengo wakale. Komanso anthu ambiri sayitsegula, amangofunsa kuti, "Zingati?" Apa mpamene mayankho osungiratu amapulumutsa nthawi: ndinalemba kamodzi mitengo, njira zolipirira ndi malo omwe timaperekera katundu, tsopano ndimangodina. Ma label, zizindikiro zomwe umaika pa macheza a kasitomala aliyense, ndiwo andikhalira pamtima. Ndili ndi ya amene alipira, ya amene sanalipire, ndi ya amene katundu wawo wanyamuka. Kope lomwe ndinkalembamo ngongole ndi ma oda linapuma.

Facebook ntchito yake ndi ina: imabweretsa anthu osakudziwa. Kudzera patsambalo ndi m'magulu ogulitsirana zinthu ndapeza makasitomala a ku Blantyre ndi ku Zomba, ngakhalenso a Malawi okhala ku Johannesburg ofuna kugulira makolo awo chakudya kuno kumudzi. Koma mlendo amabwera ndi mantha, ndipo mantha akewo ndi omveka, poti ambiri anaberedwapo atatumiza ndalama kwa munthu wongomuona pa intaneti. Chimene chimamukhazika mtima pansi ndi zinthu zing'onozing'ono. Dzina lomwe limatuluka akamatumiza pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba likhale lomwelo lomwe lili patsamba. Aone zithunzi za katundu atamangidwa, ndi lisiti la kokatumizira. Makasitomala akale akayamikira, ndimawapempha chilolezo ndisanaonetse mawu awo, ndipo dzina ndi nambala ndimabisa. Nanenso ndimasamala mbali yanga: katundu satuluka pakhomo chifukwa cha chithunzi cha uthenga woti ndalama yatumizidwa. Ndimayamba ndaona ndekha ngati yalowadi mufoni, chifukwa mauthenga abodza otere alipo ndipo amafanana kwambiri ndi enieni.

Nkhani ya boost ndi yomwe anthu amandifunsa kwambiri. Imalipiridwa ndi khadi ya ku banki mu ndalama yakunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama yakunja m'dziko muno, si nthawi zonse pomwe khadi imadutsa. Ikadutsa, anthu oona uthengawo amachulukadi, ma like amagwa ngati mvula, ofunsa mtengo n'kudzaza. Ogula amakhala ochepa poyerekeza ndi ofunsa, ndipo phindu la pa kilo ya mpunga ndi laling'ono moti silingabweze ndalama yotsatsira mwezi uliwonse. Zinayamba kupindula nditachepetsa dera kuti uthenga uzioneka ku Lilongwe kokha, komwe kabaza angafikitse katundu tsiku lomwelo, n'kuika batani lotengera munthu ku WhatsApp. Akafika kumeneko, kaya wagula kaya sanagule, ndimamupempha tisungane manambala. Ena amene anangofunsa mtengo n'kusowa, anadzagula patapita miyezi ataona status.

Ndiye masiku ano ndimalipira boost pokhapokha mpunga watsopano ukafika kuchokera ku Karonga, nthawi yomwe ndili ndi katundu wokwanira kuyankha aliyense wofunsa. Wogulitsa zinthu zodula, monga mipando kapena mafoni, mwina angamalipire pafupipafupi, poti kasitomala mmodzi amabweza zonse. Koma kwa wa geni ya zakudya, makeke kapena kaunjika, ndinganene kuti ayambe wasonkhanitsa manambala a makasitomala amene ali nawo kale asanaganize zolipira.

Chinanso chofunika kulemba pa chithunzi chomwecho, pambali pa mtengo, ndi ndalama ya kabaza ndi amene ailipire. Kuchoka ku Area 25 kupita ku Area 36 ndi mtunda, ndipo oda zambiri zimafera pamenepo kasitomala akamva za ndalamayo katundu atanyamuka kale.