Telecaster kapena Les Paul: gitala yoyamba kupanga pakhonde ikhale iti?

Aliyense wobwera kudzandipeza pakhonde ndili mbuu ndi utuchi amayamba watulutsa foni. Chithunzi chake chimakhala chomwechomwecho: Les Paul yonyezimira, pamwamba potukuka ngati msana wa kamba, m'mphepete mofiirira ngati dzuwa likamalowa. "Achimwene, ine ndikufuna ndipange iyi." Ndimangowapatsa mpando kuti akhale kaye, chifukwa inenso ndinayambira pomwepo, ndipo gitala imeneyo ili kuseri kwa chitseko mpaka lero, sinaimbepo nyimbo n'kuimaliza.

Magitala awiriwa amasiyana zambiri, koma kwa munthu wopanga yekha kunyumba nkhani yagona pamalo amodzi, pamene khosi limakumana ndi thupi.

Leo Fender anali wokonza mawailesi ku Fullerton, m'chigawo cha California, ndipo gitala sankaimba. Ankaganiza ngati mmisiri wokonza zinthu: chimene chingawonongeke chizitheka kuchotsa n'kuikapo china. Gitala yake inatuluka mu 1950 ndi mayina a Esquire ndi Broadcaster, kenako mu 1951 inakhala Telecaster kampani ya Gretsch itadandaula kuti dzina la Broadcaster likufanana ndi la ng'oma zake. Thupi lake ndi thabwa lathyathyathya lokhuthala pafupifupi mamilimita 44. Umasemapo mphako yakuya mamilimita 16, n'kukhazikamo khosi, n'kumanga ndi masikuluu anayi odutsa pa kachitsulo kakumbuyo. Basi. Mutu wake supendekera n'komwe, umachokera m'thabwa lomwelo la khosi.

Kampani ya Gibson, ya ku Kalamazoo ku America komweko, inayankha mu 1952 ndi Les Paul, ndipo inayankha monga kampani imene inazolowera kusema mandolin ndi magitala a mimba. Thupi ndi matabwa awiri omatana, mahogany pansi, maple pamwamba, ndipo maple uja amasemedwa kuti atukuke pakati. Khosi limalowa m'thupi ndi chikhomo, n'kumatidwa ndi guluu. Popeza bridge, kachitsulo kokhalapo nsambo kaja, imakhala pamwamba pa chitundacho, khosi liyenera kupendekera kumbuyo ndi madigiri anayi kapena cha pamenepo. Apa ndi pamene pamalirira anthu. Ngakhale eni ake anaphonya: ma Les Paul oyamba a 1952 anali ndi khosi lopendekera pang'ono kwambiri, mpaka nsambo zinkadutsa kunsi kwa chitsulo chomangirira m'malo modutsa pamwamba, ndipo anachita kusintha chaka chotsatira.

Ngati Gibson inaphonya, ine ndine ndani? Yanga ija ndinayeza ndi maso, ndinapaka guluu, ndinapana, ndinagona mosangalala. Patatha masiku awiri ndinamanga nsambo. Pa fret ya 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pakhosi tija) pensulo inkadutsa pansi pa nsambo osakhudza kanthu. Ndinatsitsa bridge mpaka inagunda thabwa, koma nsambo zinali m'mwamba ngati waya woyanikira zovala. Kuti ukonze zotere uyenera kuboola, kulowetsamo nthunzi yotentha kuti guluu afewe, n'kuzula khosi osaling'amba. Ndinalibe mtima umenewo.

Chaka chotsatira vuto lomwelo linandipeza pa Telecaster, mphako nditaisema mopendama pang'ono. Ndinamasula masikuluu anayi, ndinadula kachidutswa ka khadi ya mayunitsi, ndinakaika pansi pa mphako chakumapeto kwa khosi, ndinamanganso. Nsambo zinatsika mpaka mamilimita awiri. Tiyi amene mayi a kunyumba anandiikira pambali anali asanazizire.

Amene amakonda guluu amati khosi lomata limapangitsa kuti mawu azilira nthawi yaitali. Ndawayerekeza awiriwa kangapo pa ampu imodzi ndipo makutu anga sagwirapo kusiyana koti n'kuvutikira. Chimene ndaona n'chakuti khosi la masikuluu limafuna mphako yothina bwino. Poyesa, lowetsani khosi osamanga, mugwire khosilo n'kunyamula pang'onopang'ono. Thupi likanyamuka nalo, mwasema bwino. Likatsala patebulo, mwadya thabwa kwambiri, matani kachipepala ka thabwa m'mbali muyambirenso.

Mutu nawo uli ndi nkhani yake. Wa Gibson umapendekera kumbuyo ndi madigiri 17, zomwe zimathandiza kuti nsambo zikhazikike bwino pa nut, kachidutswa kodutsapo nsambo pamene khosi lakumana ndi mutu. Tsoka lake, pamalo opindikawo thabwa ndi lopyapyala, mitsempha yake ndi yaifupi, komanso m'pamene pali bowo la truss rod, chitsulo chowongolera khosi chodutsa mkati mwake. Mwana akangoigwetsa chagada kuchoka pampando, mutu umathyoka. Opanga kunyumba ambiri amadula khosi mopendeketsa n'kumata mutu padera kuti ulimbe, koma imeneyo ndi ntchito inanso yofuna dzanja lokhazikika. Telecaster mutha kuigwetsa m'minibasi, imangokalika penti.

Tsono za muyeso. Kuchokera pa nut kufika pa bridge, Fender ndi mamilimita 648, Gibson ndi pafupifupi 628. Yaifupiyo nsambo zake zimakhala zofewa m'zala, yaitaliyo zimakhala zolimba ndipo mawu ake amatuluka owala. Malo a ma fret amapezeka pogawa utali wotsala ndi 17.817, choncho pa Fender fret yoyamba imagwa pa mamilimita 36.4 kuchokera pa nut, ndipo ya 12 imakhala pakati penipeni. Masamu ndi ophweka, chovuta ndi sowo. Ukaphonya ndi theka la milimita, gitala imanama moyo wake wonse, uikunge bwanji. N'chifukwa chake pa gitala yoyamba ndimati khosi gulani lopangapanga, kapena muzule pa gitala yakale yotchipa, inu mulimbane ndi thupi. Apanso Telecaster ili patsogolo, poti makosi a muyeso wa Fender ali mbwee, pamene khosi lomata limayenera kusemedwa kuti ligwirizane ndi thupi lake lokhalo.

Ndipo khosi lifike kaye musanagwire chida chilichonse. Makosi otchipa amasiyana m'lifupi ndi milimita imodzi kapena awiri, ndiye mphako muiseme poonera khosi lomwe lili m'manja mwanu. Mukalikhazika, yezani kuchokera pa nut kufika pa fret ya 12, muwirikize kawiri, m'pamene pagwe bridge, muisiyire mpata wobwerera kumbuyo mamilimita awiri kapena atatu. Musanaboole, tengani ulusi wosokera, mumange uwiri m'malo mwa nsambo yoyamba ndi yachisanu ndi chimodzi, muukoke mpaka pa bridge. Mukaona kuti mbali zonse ulusi watalikira mofanana ndi m'mphepete mwa khosi, lembani madontho ndi pensulo yosongoka. Ulusi wa makobidi ochepawu wandipulumutsira matabwa ambiri.

Pa matabwa, zinthu zimatembenuka pang'ono. Mbawa wathuyu ndi mtengo wa mtundu wa Khaya, womwewo umene kunja amagulitsa ndi dzina la African mahogany, ndipo makampani ambiri amapangira magitala a mtundu wa Les Paul. Ndiye theka la gitala imeneyo tili nalo kale kwa akalipentala. Maple ndiye samera kuno, koma mlombwa umakhala bwino pamwamba, ndi mizere yake yokongola ija. Kungoti konzekerani phewa: Les Paul zambiri zimapitirira makilogalamu anayi, ndipo kuimirira nayo pa ukwati kuyambira masana mpaka kumadzulo si masewera. Fender ankagwiritsa ntchito ash, kenako alder kuyambira 1956, koma ma Esquire oyambirira enieni anali a paini. Choncho amene akuderera paini wa ku Chikangawa aganize kawiri. Ndi wopepuka, amasemeka msanga, amangofooka pa kubonyoka ukamugunda. Mkungudza wa ku Mulanje usiyeni, watsala pang'ono kutha.

Chachikulu n'chakuti thabwa likhale louma. Ndinagulapo lina pamsika wina, wogulitsa akulumbira kuti lakhala chaka chonse. Ndinalisema mu Febuluwale mvula ili mkati, pofika Okutobala linali litapindika ngati mbale, bridge ikulendewera. Kuyambira pamenepo ndimasaka zitseko zakale, mitu ya mabedi, matebulo othyoka miyendo. Brian May, woimba gitala wa gulu la Queen, anayamba kupanga gitala yake yotchuka ija ndi bambo ake mu 1963, ndipo khosi lake anasema kuchokera ku thabwa la pamalo owothera moto lomwe linali litakhala zaka zoposa 100. Thabwa lotero linamaliza kale kuyenda. Paja thupi la Telecaster likakupindikirani mumangomasula khosi, ma pickup (tizipangizo totola mawu a nsambo) ndi zitsulo n'kusamutsira pa thabwa lina. La Les Paul limapita ndi zonse.

Pamene Les Paul imapambana mosakayikitsa ndi pa phokoso la magetsi. Pickup ya Telecaster ndi ya koilo imodzi, waya wopyapyala ngati tsitsi wokulungidwa maulendo masauzande kuzungulira maginito, ndipo imatola chilichonse chili mumpweya. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndiye mukalowa m'tchalitchi momwe mawaya alibe earth, kapena pamene pakulira jenereta, ampu imayamba kulira ngati njuchi mumphika. Pickup yotchedwa humbucker imene Seth Lover anapangira Gibson, yomwe inafika pa Les Paul mu 1957, ili ndi makoilo awiri oyang'anizana mosemphana, phokoso la imodzi limazimitsa la inzake. Mawu ake ndi onenepa, oyenera nyimbo zolemera. Koma kwa ife okonda kudonyoza nsambo imodziimodzi, kaimbidwe ka rumba ndi sungura, kuwala kwa koilo imodzi n'kovuta kukusiya. Kumata pepala la kopa m'mabowo onse n'kulilumikiza ku earth kumachepetsako kulirako, sikukuthetsa.

Mawaya enieniwo, Telecaster ili ndi ma pot awiri a 250k (tizipangizo topotokola pokweza mawu kapena kusintha kamvekedwe kake) ndi switchi imodzi, zonse pa kachitsulo kamodzi kamene umawotcherera uli phee patebulo kenako n'kukavundikira. Les Paul ili ndi ma pot anayi a 500k kumunsi, switchi kumtunda, ndi ngalande yaitali yodutsa mkati mwa thupi, imene uyenera kusema usanamate thabwa lapamwamba. Ukaiwala, ndiye waiwala.

Komatu palibe lamulo loletsa kuika humbucker pa thupi la masikuluu. Woimba gitala wotchuka Eddie Van Halen anachita zimenezo pa gitala yake yolumikizalumikiza, pickup ya Gibson pa thupi la mtundu wa Stratocaster, gitala inanso ya Fender ya khosi la masikuluu. Fender nayo pofika 1972 inkagulitsa ma Telecaster a humbucker, yopangidwa ndi Seth Lover yemweyo atasamukira kumeneko. Ndiye ngati chokukokerani ku Les Paul ndi mawu, kulitsani bowo la pickup, muike pot ya 500k, mwafika pafupi kwambiri popanda kusema chitunda kapena kudula kangalande ka m'mphepete koikamo pulasitiki yoyera ija. Penti nayenso musadzivute: mafuta a thabwa opaka ndi kansalu, kangapo, mukupala ndi sandipepa wosalala pakati, amakwanira. Utoto wa dzuwa lolowa uja umafuna mfuti yopopera ndi chipinda chopanda fumbi, ndipo pakhonde panga nkhuku zimadutsa.

Amene mtima wawo wakakamira pa guluu, ndimawalozera Les Paul Junior ya 1954. Ndi thabwa limodzi la mahogany lathyathyathya, pickup imodzi ya P-90, ma pot awiri, bridge imodzi imene nsambo zimaizungulira. Khosi n'lomata ndithu, ndipo kupendekera kwake muyenera kukujambula kaye papepala lalikulu, chammbali, pa muyeso weniweni, kuchokera pa nut mpaka pa bridge. Mukatero muyese kouma kangapo, mutapana popanda guluu, rula yaitali itagona pa ma fret kuti muone pamene ikukagwera. Imeneyi ikhale yachiwiri kapena yachitatu. Ine ndili ndi chitseko cha mbawa chimene ndinapempha pa nyumba ina imene ankagumula, ndazulamo kale misomali isanu ndi iwiri, ndipo ndikuchidutsitsabe maginito pamwamba, poti msomali umodzi wobisala umatha mpeni wa router, makina osemera thabwa, nthawi yomweyo.