TV ya mainchesi 55 patatha miyezi inayi: yezani sitandi musanapite kusitolo

Kunyumba kwathu ku Area 25 kuli sitandi ya mlombwa yomwe malemu bambo anga adakhometsa kwa kalipentala. Ndi yolemera, ili ndi madirowa awiri, ndipo mpaka lero sinagwedezekepo. Choncho pomwe kaTV kathu ka mainchesi 32 kadayamba kuonetsa mizere, ine ndi mayi a kunyumba tidagwirizana chinthu chimodzi: tigule yaikulu, koma sitandi isachoke.

Mtima wanga udali pa ya mainchesi 65. Chomwe chidandipulumutsa ndi tepi yoyezera yomwe ndidaika m'thumba tsiku lopita m'tauni. Ambiri sitidziwa kuti nambala ija ya mainchesi sinena za kutambalala kwa TV ayi. Amayeza chopingasa, kuchokera pa ngodya ya m'munsi kukafika pa ngodya ya m'mwamba ya mbali inayo. Ya 65 imatambalala masentimita pafupifupi 145, ya 55 pafupifupi 123, ndipo kaya ndi Samsung, LG, Hisense kapena TCL, kusiyana kwake n'kochepa. Ife malo athu, pakati pa zenera ndi kabati ya mbale, ndi masentimita 135. Pompo ya 65 idagwa mayeso.

Koma nkhani yeniyeni ili pa miyendo. TV zambiri za masiku ano sizikhala ndi phazi limodzi lapakati monga zakale. Zili ndi timiyendo tiwiri totalikirana, wina uku wina uko. Sitandi yathu ndi yotalika masentimita 120. Ndidagwada pansi m'sitolomo n'kuyeza miyendo ya 65 yomwe idali pachionetsero, ndipo ndidaona kuti ikadaponda m'mphepete mwenimweni, mwana kungoigunda pang'ono basi, yapita. Mnyamata wogulitsa adandiuza mosabisa kuti, "Bambo, imeneyi pasitandi yanuyo ndiye ayi, pokhapokha muipachike kukhoma." Kupachika n'kotheka, kumbuyo kuli mabowo anayi a bulaketi, koma nyumba ndi ya lendi ndipo eni ake safuna zoboola makoma. Ndidayamikira kuti mnyamatayo sadandikakamize yodulayo.

Ya 55 miyendo yake idatsala ndi malo okwanira chikhatho mbali zonse ziwiri. Ndidayezanso kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, chifukwa timiyendoti timatuluka kutsogolo ndi kumbuyo kwa galasi, ndipo sitandi yopyapyala ikhoza kukuchititsani manyazi ngakhale ili yaitali.

Kubwera nayo kunyumba tidaiimika chilili m'katoni mwake, kumbuyo kwa galimoto ya mnzanga, ine nditaigwirira njira yonse. Osaigoneka, galasi lake ndi lopyapyala ndipo m'misewu yathu ya mabampuyi lingathetheke. Pomanga miyendo tidaiyala chafufumimba pa matilesi ogonera, anthu awiri, masikuluwu anayi, n'kutha.

Tsopano za kaonekedwe. Mpando wathu uli mamita awiri ndi theka kuchokera pa sitandi, ndipo pamtunda umenewu 55 ikudzaza maso bwinobwino popanda kutembenuza khosi. Mpira pa matchanelo a HD ndi wokoma zedi. Tsiku loyamba mwana wanga wamkulu adafuula kuti akuwerenga manambala a pamsana pa osewera ali khale pampando, zomwe pa yakale ija sizinkatheka. Chithunzi cha 4K, chomwe chimaoneka bwino kuposa cha HD, ndidachiona pa YouTube, tsamba lililonse la mtengo likuoneka palokha, koma bandulo imatha ngati madzi a m'lichero, ndiye timangochita mwa apo ndi apo. Dziwaninso kuti TV yaikulu siikonza chithunzi chofooka. Matchanelo omwe si a HD amaoneka ofwifwa kuposa mmene ankaonekera pa yaing'ono, chifukwa chilema chilichonse chimakula limodzi ndi galasi.

Zondidandaulitsa zilipo ziwiri. Mawu ndi ochepa mphamvu. Masipika ali pansi, oloza pa thabwa, ndipo mvula ikayamba kugunda malata nkhani za madzulo sitizimva ngakhale titakweza bwanji. Ndidafuna kuika soundbar, sipika yaitali yowonjezera mawu, kutsogolo, koma miyendo ndi yaifupi moti ikadatseka kadiso kolandira rimoti. Izi sindidaziganizire m'sitolo muja, ndipo inu yezani mpata wa pakati pa thabwa ndi m'munsi mwa galasi. Chachiwiri, galasi limanyezimira. Dzuwa likapendeka cha m'ma 3 koloko, zenera lonse limaonekera m'kati mwa TV mpaka titatseka katani.

Malo olumikizira HDMI, polowetsa chingwe cha dikoda ndi zina, alipo atatu, onse cha kumbali, zomwe zathandiza chifukwa sitandi ili pafupi ndi khoma. Ndidasiya mpata wa zala zinayi kumbuyo kuti izipuma. Ndidagulanso TV guard tsiku lomwelo, poti magetsi akabwera mwamphamvu atazima, ndalama zonsezi zingapse kamodzi. Ndipo popeza tili ndi wamng'ono yemwe wangoyamba kuyenda chogwirira, ndidaimangirira ndi lamba kumbuyo kwa sitandi.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo yapita chifukwa cha mawu. Dikoda yalowa bwino pashelefu ya pansi, ndipo chithunzi cha bambo chomwe chinkakhala pambali pa TV yakale tachisamutsira pamwamba pa kabati.