Ndinapita ndi thesis kuti angomata chikuto, ndinabwerako itatsala theka

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa za kaofesi ka ku Zomba komwe anandithandiza kusandutsa thesis yanga, kafukufuku yemwe ndinalembera digiri, kukhala buku, ndiye ndati ndingolemba kamodzi pano kusiyana ndi kumayankha mmodzimmodzi. Dzina sinditchula poti pali zina zoti ndidandaule. Ndi kachipinda kamodzi basi, muli mayi wina wachikulire amene ankaphunzitsa ku koleji asanapume, ndi mnyamata wa pa kompyuta yemwe amayala masamba.

Ine ndinapita ndi mtima woti ntchito inatha kalekale. Ma examiner anasaina, mkanjo ndinavala, zithunzi tinajambulitsa. Kafukufuku wanga anali wa amayi ogulitsa matemba pa doko la Kachulu ku nyanja ya Chilwa, mmene amakhalira nyanja ikaphwa ngati muja inachitira 1995 komanso 2018. Ndiye ndimangoti akonze ma comma, amate chikuto chokongola, monograph yatuluka basi. Mayi aja analandira fayilo n'kundiuza kuti ndibwere pakatha masabata atatu.

Tsiku lobwerera ndinapeza apulinta zonse, bolopeni yofiira ili paliponse, ndipo chaputala 2 chonse, cha literature review (zomwe ena analemba kale pa nkhaniyi) chija ndinachivutikira miyezi isanu ndi umodzi ndikugona mu laibulale, atachikhwatcha mzere umodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, tsamba ndi tsamba, ngati pepala la mwana wolephera masamu. Mtima unandipweteka, sindinama. Iwo ali phee ndi tiyi wawo, akuti "Achimwene, ichi munalembera ma examiner kuti aone kuti munawerenga. Wogula buku alibe nazo ntchito zimenezo, akufuna amve za amayi a matemba. Nanga amayiwo ayamba kuyankhula pa tsamba 94, munthu azingodikira?"

Apa ndi pomwe ndalama yanga inagwira ntchito, chifukwa zaka zonse ndili pa sukulu palibe anandifotokozerapo kuti monograph ndi chani kwenikweni, timangomva mawuwo akuluakulu akamakamba za promotion. Mawuwo ndi ochokera ku Chigiriki, monos ndiye kuti chimodzi, graphein kulemba. Nkhani imodzi, mfundo imodzi yoti munthu aikokere kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo kawirikawiri wolemba amakhalanso mmodzi. Si textbook yomwe imangokhudza chilichonse pang'onopang'ono kuti ana alembe mayeso, komanso si mabuku aja anthu khumi aliyense amaponyamo chaputala chake ngati chipereganyu kenako editor n'kumanga pamodzi. Article ya mu journal ndi kagawo chabe, monograph imakupatsa malo oti utambasule mpaka nkhani ithe. Thesis nayonso ndi nkhani imodzi eya, koma thesis imalembedwa mwamantha, uli pa mlandu ndipo ukudziteteza kwa anthu atatu okha, n'chifukwa chake chaputala chilichonse chimayamba ndi "this chapter will discuss" n'kutha ndi "this chapter has discussed". Anandiwerengetsa ndekha kuti ndinalemba kangati zimenezi, manyazi ake!

Kenako anati ndiwauze mfundo ya buku langa m'chiganizo chimodzi asanamalize tiyi. Ndinayamba za objectives, akuti ayi. Ndinayamba za theoretical framework, akuti ayi achimwene, muwauze ngati mukuuza azakhali anu. Tiyi anatha ine ndisanapeze. Ndinakaipeza ndili mu minibasi yobwerera: nyanja ikaphwa chomwe chimagwira amayi aja si chithandizo chochokera kunja koma ngongole zomwe amapatsana okhaokha ndi asodzi. Kachiganizo kameneka kanali pa tsamba la kumapeto kwenikweni kwa thesis, katabisala. Pano ndi kamene katsegula buku, ndipo chilichonse chosagwirizana nako chinachotsedwa, matebulo ambiri, methodology inatsala masamba ochepa, koma mawu a amayi eni ake anawonjezeka.

China chomwe ndinawakondera n'choti sananamize. Ananena poyambirira kuti iwo si publisher, ndipo ukangopita kwa opulinta n'kudinda makope ako wekha limenelo ndi buku inde koma silinadutse peer review, ma committee ambiri a promotion saliwerengera mofanana. Publisher weniweni amatumiza kaye kwa akatswiri ena kuti aliwerenge mwachinsinsi. Anandikumbutsa za Kachere Series yomwe inayambira ku dipatimenti ya za chipembedzo ku Chanco m'zaka za m'ma 1990, yomwe inali ndi gulu lakelake la ma monograph posiyanitsa ndi mabuku ena, komanso Mzuni Press ndi Luviri Press ku Mzuzu, ndipo kuti mabuku ambiri otere amafika kunja kudzera ku African Books Collective ya ku Oxford. Za ISBN, nambala ija ya manambala 13 yozindikiritsa buku, kuno imatengedwa ku National Archives konkuno ku Zomba, komwenso buku likatuluka umakasiya kope. Ine ndinkayesa imachokera kwa opulinta.

Tsopano zodandaula. Nthawi sasunga. Tinagwirizana miyezi iwiri, inakwana isanu, ukalemba pa WhatsApp ma tick abuluu okhaokha, ukaimba akuti magetsi, mawa lake maliro, mwina zoona koma bwanji osangonena? Mnyamata wa pa kompyuta uja ndi waluso koma wopupuluma, font yomwe anasankha inadya ŵ yense, paliponse pomwe ndinalemba Malaŵi panatuluka kabokosi, ndipo mawu a Chiyao a amayi ena kompyuta inawakonza yokha kukhala Chingerezi chosamveka, ndinachezera usiku wonse kubwezeretsa. Index, mndandanda uja wa mawu wa kumapeto kwa buku, anandiuza mochedwa kuti ndi yolipira payokha. Mtengonso unasintha pakati pa ntchito, kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 akuti mapepala ndi toner zakwera, chabwino ndikumva, koma bolopeni yofiira ija inakweranso?

Ndiye amene mukungofuna binding ya thesis musavutike, pitani pa ma stationery a mtauni, n'zotchipa ndipo mutenga tsiku lomwelo. Koma ngati mukufuna buku ndipo mtima wanu ndi wolimba, pitani, mungolemberana pa pepala za mtengo, index ndi tsiku lomaliza musanapereke deposit, komanso ma proof, masamba oyalidwa asanadindidwe, muwerenge nokha liwu ndi liwu. Langa lili kwa publisher pano, owerenga awiri akuliona. Chaputala 2 chija sindinachifufute ayi, chili mu foda yake pa flash, mayi aja akuti mwina mungatuluke ka article.