VAR, makina oyeza mzere, kapena pempho la mphunzitsi: kuyerekeza njira zothandizira oyimbira mpira

Pa 18 Januwale 2022, mumzinda wa Bafoussam ku Cameroon, Flames inali kulimbana ndi Senegal pa mpikisano wa Africa Cup of Nations pamene Gomezgani Chirwa wa Flames anagwa m'bokosi atapanikizidwa ndi Bouna Sarr wa Senegal. Woyimbira, Blaise Ngwa, analoza pa penate. Ife amene tinkaonera pa kanema tinali titaimirira kale, ena akukumbatirana, koma posakhalitsa tinamuona ataika chala kukhutu, kenako akujambula bokosi m'malere n'kuthamangira ku kakanema ka m'mbali mwa bwalo. Pobwerako penate ija anaifafaniza, ndipo masewero anatha popanda chigoli. Mpaka lero anthu amatsutsanabe ngati Chirwa anachitidwa chipongwe kapena ayi, koma chimene chimandisautsa ine n'chakuti kugundana kofanana ndi kumeneku timakuona pa masewero ena, woyimbira n'kupereka penate, a ku chipinda cha VAR (oyimbira othandiza poonera makanema) n'kungokhala chete.

Anthu ambiri akamadandaula amatchula VAR ngati kuti ndi chinthu chimodzi, pamene njira zimene zikugwiritsidwa ntchito ndi zingapo, ndipo mphamvu zake n'zosiyana kwambiri.

Njira yodalirika kuposa zonse ndi makina oyeza ngati mpira wadutsa mzere wa pagolo. Chimene chinakakamiza akuluakulu a mpira kuwavomereza ndi chigoli cha Frank Lampard wa England cha pa 27 Juni 2010 pa Chikho cha Dziko Lonse ku Bloemfontein, South Africa, pamene mpira unagunda chitsulo chapamwamba n'kutera mkati moonekeratu, goloboyi wa Germany Manuel Neuer n'kuutola ngati palibe chachitika, woyimbira Jorge Larrionda n'kulola masewero kupitirira. England ikanafanana mphamvu ndi Germany pa 2-2, koma inagonja 4-1. Bungwe lopanga malamulo a mpira la IFAB linavomereza makinawa mu 2012, ligi ya ku England inayamba nawo mu 2013, ndipo Chikho cha Dziko Lonse cha ku Brazil mu 2014 chinawagwiritsa ntchito. Makamera amatsata mpira, ndipo ukangodutsa mzere wonse, wotchi ya padzanja la woyimbira imanjenjemera sekondi isanathe. Ubwino wake ndi wakuti funso limene amayankha lili ndi mayankho awiri okha, ndipo palibe munthu amene amaikapo maganizo ake. Anaphonyapo pa 17 Juni 2020, pamene goloboyi wa Aston Villa, Ørjan Nyland, analowa nawo mpira m'golo pa masewero awo ndi Sheffield United, makamera onse 7 atatchingidwa ndi osewera komanso chitsulo cha golo. Nkhaniyo imakumbukika chifukwa zoterezi sizichitika kawirikawiri.

Makina othandiza pa ofusayidi ali m'gulu lomwelo. Pa Chikho cha Dziko Lonse cha ku Qatar mu 2022 kunali makamera 12 omangidwa kudenga la bwalo, otsata malo 29 a thupi la wosewera aliyense maulendo 50 pa sekondi, komanso kachipangizo ka mkati mwa mpira kouza nthawi yeniyeni imene mpirawo wamenyedwa. Akuposa njira yakale yojambula mizere ndi manja pa kanema, imene inkatenga mphindi zambiri ndipo inkadalira chithunzi chimene munthu wasankha kuimitsa. Ochemerera amanyansidwa chigoli chikakanidwa chifukwa cha nsonga ya nsapato, koma mlandu umenewo ndi wa lamulo la ofusayidi, pakuti makinawo amayeza timu zonse ndi muyeso umodzi. Amalekera pomwepo: sangathe kunena ngati wosewera amene anali pa ofusayidi anasokoneza goloboyi, ndipo pamenepo nkhani imabwereranso kwa munthu.

VAR yeniyeni, ya oyimbira okhala m'chipinda akuonera makanema ambiri, inalowa m'malamulo mu Malichi 2018, inagwira ntchito pa Chikho cha Dziko Lonse cha ku Russia chaka chomwecho, ndipo ku Africa Cup of Nations inayambira mu ndime ya makotafainolo ku Egypt mu 2019. Pamene inkayamba inaloledwa kulowerera pa zinthu zinayi, zomwe ndi chigoli, penate, khadi yofiira yachindunji, ndi kulanga wosewera wolakwika m'malo mwa mnzake, ndipo imayenera kutero pokhapokha woyimbira akalakwitsa moonekeratu kapena akaphonya chinthu chachikulu. Kusasinthasintha kumene anthu amakufuna kumafera pa mawu akuti "moonekeratu". Poyamba tinali ndi munthu mmodzi woweruza ngati kukankhana kwakwana penate. Tsopano tili ndi wachiwiri amene akuweruza ngati woyambayo walakwitsa mokwanira kuti aitanidwe. Woyimbira wina akapereka penate pa kugundana pang'ono, VAR imanena kuti silakwa loonekeratu n'kuisiya, ndipo mawa lake wina akapanda kupereka pa kugundana kofanana, VAR imanenanso chimodzimodzi n'kuisiya. Zigamulo ziwiri zotsutsana zimaima, zonse mogwirizana ndi ndondomeko, ndipo wochemerera amene waona masewero onse awiri sangakhulupirire kuti pali chilungamo.

Palinso vuto la kanema woyendetsedwa pang'onopang'ono, amene amachititsa kuti phazi loterereka lioneke ngati lachiwembu ndipo dzanja logundidwa ndi mpira lioneke ngati lauyembekezera. Pa fainolo ya Chikho cha Dziko Lonse ya 2018, woyimbira Néstor Pitana anayang'ana kakanema kwa nthawi yaitali, anayamba kuchokapo n'kubwereranso, asanapereke penate kwa France chifukwa cha dzanja la Ivan Perišić wa Croatia. Ngati munthu wophunzira ntchito yake afunika kuonera kambirimbiri chonchi, n'kovuta kunena kuti kulakwitsako kunali koonekeratu.

Chipinda cha VAR chimabweretsanso zolakwika zakezake. Pa 30 Seputembala 2023, Luis Díaz wa Liverpool anamwetsa chigoli chabwinobwino pa bwalo la Tottenham, wonyamula mbendera n'kuchikana. Darren England, amene anali pa VAR, anaona bwino kuti panalibe ofusayidi, koma ankaganiza kuti pabwalo chigolicho chavomerezedwa, choncho anangonena kuti wamaliza kuunika. Woyimbira Simon Hooper anamva ngati akumutsimikizira kuti chikanidwe, mpira unayambikanso, ndipo ndondomeko inawaletsa kubwerera m'mbuyo. Liverpool inagonja 2-1. Kuno ku Africa tinaona mtundu wina wa vutoli pa fainolo ya CAF Champions League ya pa 31 Meyi 2019 ku Radès, Tunisia, pamene chigoli cha Walid El Karti wa timu ya Wydad ya ku Morocco chinakanidwa, osewera n'kupempha kuti chiunikidwe, koma makina anali asakugwira ntchito. Wydad inakana kupitiriza, ndipo chikho chinapita kwa Espérance ya ku Tunisia, imene inkasewera nayo.

Chifukwa cha zoterezi ena asankha kungokhala opanda kanema. Ligi yaikulu ya ku Sweden inakana VAR, makamaka chifukwa matimu a kumeneko ali m'manja mwa mamembala awo, omwe ndi ochemerera. Amasangalalira chigoli nthawi yomweyo popanda kudikira, ndipo ndikumvetsa kukoma kwa zimenezo, koma amavomerezanso kuti chigoli ngati cha Lampard chikhoza kutayika. Ku England, timu ya Wolves itapempha kuti VAR ithetsedwe, matimu 19 mwa 20 a mu ligi yaikulu anavota mu Juni 2024 kuti ikhalebe.

Njira imene ndikuiona kuti ikupikisana kwenikweni ndi VAR ndi imene FIFA ikuitcha Football Video Support. Anaiyesa mu 2024 pa mpikisano wa achinyamata ku Zurich, kenako pa Chikho cha Dziko Lonse cha atsikana osapitirira zaka 20 ku Colombia, ndipo mu 2025 inagwira ntchito pa cha anyamata a msinkhu womwewo ku Chile. M'njira imeneyi mulibe oyimbira obisika m'chipinda. Mphunzitsi wa timu iliyonse ali ndi mwayi wopempha kawiri pa masewero kuti chigamulo chiunikidwe. Amazunguza chala m'mwamba, n'kupereka khadi kwa woyimbira wachinayi, ndipo woyimbira wamkulu amapita yekha kukaona kanema. Pempho likaphula kanthu, mwayi uja sutha. Imafuna makamera ochepa komanso anthu ochepa, choncho maligi opanda ndalama zambiri, ngati athu a m'chigawo chino, akhoza kuifikira pamene VAR yathunthu ili kutali nawo.

Kufooka kwake sindikukubisa. Makamera ochepa akhoza kuphonya mbali imene choonadi chili, mphunzitsi akhoza kuwononga mwayi wake msanga n'kudzasowa pogwira m'mphindi zomaliza, ndipo ena adzaigwiritsa ntchito pongofuna kuziziritsa timu imene yawatentha. Sichotsanso maganizo a woyimbira pa nkhani ya dzanja kapena kukankhana, chifukwa palibe kanema amene angachite zimenezo. Koma imachotsa munthu wachiwiri uja wosankha mwakachetechete kuti ichi chiunikidwe, icho chisiyidwe, n'kupatsa timu zonse mwayi wofanana umene aliyense pabwalo akutha kuuwerenga. Chikanakhala chigoli cha Díaz, benchi ya Jürgen Klopp, mphunzitsi wa Liverpool pa nthawiyo, ikanakweza khadi mpira usanayambikenso.

Kwa ine, kumene kuli ndalama, makina oyeza mzere wa pagolo ndi a ofusayidi ayenera kukhalapo, chifukwa amayankha mafunso okhala ndi yankho limodzi. Pa penate ndi makhadi ofiira ndingasankhe pempho la mphunzitsi kusiyana ndi VAR ya lero. Ku Bafoussam kuja, Aliou Cissé, mphunzitsi wa Senegal pa nthawiyo, akanayenera kuganiza ngati akukhulupiriradi kuti Sarr sanalakwe, kufikira poika pachiswe umodzi mwa mwayi wake uwiri. Mwina akanapempha, Ngwa n'kukaona kanema yemweyo n'kufafanizabe penate ija, ndipo zikanatipweteka chimodzimodzi. Koma tikanadziwa amene wamuitanira ku kakanemako, ndipo tikanadziwanso kuti benchi ya Flames ili ndi khadi yofanana m'manja ngati zoterezi zikanachitika m'bokosi la Senegal woyimbira n'kukhala chete.