Mabuku awiri a Honda CB350: la masipeya ndilo loyenera kugula poyamba

Mabuku amene ndikukamba pano ndi a njinga yamoto ya Honda CB350, ija ya masilinda awiri imene inapangidwa kuyambira 1968 mpaka 1973. Loyamba ndi buku la masipeya, lolembedwa pachikuto kuti Parts List. Lachiwiri ndi la amakaniko, Shop Manual. Onse awiri anachokera ku fakitale, koma amene ndili nawo ine ndi osindikizidwanso ndi kampani ina yogulitsa mabuku a njinga zamoto zakale pa intaneti. Maganizo anga ndinenere pomwe pano: ngati ndalama zanu zikukwanira buku limodzi lokha, tengani la masipeya. Ambiri amathamangira la amakaniko poganiza kuti ndilo lili ndi nzeru zonse. Koma kamasulidwe ka injini mungathe kufunsa makaniko aliyense wodziwa ntchito yake ndipo akuuzani. Chimene palibe munthu angachisunge m'mutu ndi ichi: kawashala aka kamakhala mbali iti ya giya, timakhala tingati, ndipo ka njinga ya 1969 ndi komweko ka njinga ya 1972 kapena ayi.

Njinga yanga ndinaipeza ili m'makatoni. Mwini wake woyamba anaiphwasula ndi cholinga choikonza, kenako mtima unamuchoka. Mabawuti onse anali m'chitini chimodzi, aatali ndi aafupi, ena a injini ena a felemu. Munthu amene wayamba ndi njinga yathunthu, ngakhale ya dzimbiri, ali ndi mwayi chifukwa amaona mmene zinthu zinakhalira asanamasule. Wa makatoni alibe poonera.

Buku la masipeya ndilo limakhala poonera pake. Tsamba lililonse lili ndi chojambula cha gawo limodzi la njinga, zipangizo zake zitatalikirana koma zili pamzere monga mmene zimalowera. Chilichonse chili ndi kanambala, ndipo pamndandanda wotsatana nacho pali nambala yonse ya sipeyayo, dzina lake ndi kuchuluka kwake pa njinga imodzi. Tsiku limene ndinkamanga magiya ndinayala nsalu yoyera pathebulo, buku ndinalitsegula pambali nditalipsinja ndi sipanala kuti lisatsekeke, ndipo ndinayamba kundandika giya, washala, kilipi, giya, motsatira chojambulacho. Pofika kumapeto kwa shafuti yachiwiri panatsala malo a kawashala kamodzi kopyapyala kamene m'chitini munalibe. Kanalinso kosowa kachitsulo kokhala ngati theka la mphete, kamene kamalowa mumpata wa beringi kuti isamayendeyende m'kati mwa injini. Injini ikanatsekeka bwinobwino popanda tinthu tiwiriti, ikanalira, mwinanso ikanayenda ndithu kwa kanthawi. Bukuli linandionetsa kusowa kwake ndisanapake chomatira n'kumanga mabawuti, ndipo pa chimenecho chokha ndalama zanga zinabwerera.

Phindu lake lalikulu lili pa manambala. Nambala ya sipeya ya Honda ili ndi zigawo zitatu. Manambala asanu oyamba amanena mtundu wa chipangizo ndi gawo la njinga limene chimagwirako ntchito. Atatu apakati amanena njinga imene chipangizocho chinapangidwira koyamba. Atatu omaliza amasonyeza, mwa zina, ngati chinakonzedwanso pambuyo pake, n'chifukwa chake mumapeza 000 kenako 010 kapena 020 pa chinthu chimodzimodzi. Pa CB350 muona 287 pakati, imene ndi nambala yake, koma muonanso 286 kambirimbiri chifukwa masipeya ochuluka inagawana ndi CB250. Ya CB750 yotchuka ija ndi 300. Zimene nambala yake imayamba ndi 9 kawirikawiri ndi mabawuti, manati, mawashala, masilo ndi maberingi, ndipo zambiri mwa izi zimapezeka kwa wogulitsa zitsulo wamba mukangodziwa muyeso wake.

Mukadziwa zimenezi, kufufuza masipeya kumasinthiratu. Kulemba pa intaneti dzina la chipangizo lokha kuli ngati kufuna munthu pamsika waukulu osadziwa dzina lake. Wina amachitchula mwina, wina mwina, wina akugulitsa chinthu chimene iye mwini sakudziwa kuti chinachoka pa njinga yanji. Koma mukalemba nambala yonse, chimene chili m'sitolo ya ku Netherlands, cha ku England ndi cha munthu amene akuchotsa katundu wotsala m'galaja ya bambo ake zimatuluka pamodzi. CMSNL ya ku Netherlands ili ndi zojambula zomwezi pa tsamba lake, ndipo David Silver Spares ya ku Suffolk ku England imadziwika ndi masipeya a Honda zakale. Onsewa amayendera nambala. Ngakhale pa eBay, ogulitsa odziwa amalemba nambala imene ili pakapepala ka paphukusi. Nambala imakutsegulirani khomo linanso. CL350, ija ya mapaipi okwera m'mbali, ili ndi injini yofanana ndi ya CB350, choncho sipeya imene yalembedwa kuti ndi ya CL ikhoza kukhala yanu yomwe. Ndi SL350 muzisamala, chifukwa zotsatira zake anachotsako sitata yamagetsi ndipo makabuleta ake ndi ena. Musakhulupirire mawu a wogulitsa akuti "zimalowana zonse". Yerekezani manambala.

Musanatsegule bukuli, pukutani pakhosi pa felemu ndi pa injini kuti muwerenge manambala odindidwapo, muwalembe m'kati mwa chikuto. CB350 inasinthidwa kangapo pa zaka zimenezi, mitundu yake ikutchedwa K0 mpaka K4, ndipo ya 1973 yotchedwa CB350G inabwera ndi buleki ya disiki kutsogolo pamene zinzake zinali ndi ya dilamu. Bukuli limasonyeza pamene sipeya inasinthira, nthawi zina potchula nambala ya felemu kapena ya injini imene kusinthako kunayambira. Njinga ya zaka zoposa 50 yadutsa m'manja ambiri, ndipo si zachilendo kupeza injini ya chaka china itakhala pa felemu ya chaka china.

Pali chinthu chimodzi chimene nambala singakutetezeni nacho, ndipo ndimachinena kwa aliyense amene wayamba ntchito imeneyi. Sipeya yakale imene sinagwirepo ntchito, imene ogulitsa amailemba kuti NOS, ndi yabwino kwambiri ikakhala yachitsulo. Ikakhala ya labala, zaka zimaidya ngakhale ili m'phukusi lake losatsegula. Pa CB350 timawilo ta labala timene timakunga tcheni cha camshaft (shafuti yotsegula mavalavu) timauma n'kuyamba kunyenyeka, ndipo zinyenyeswazo zimathera mu oilo. Camshaft ya njinga imeneyi imazungulira mu aluminiyamu mwachindunji, choncho oilo akachepa kumtunda kuonongeka kwake n'kwa msanga ndipo n'kodula. Malabala a m'makabuleta, aja opyapyala amene amakweza pisitoni ya kabuleta, nawonso amang'ambika ndi ukalamba. Muwaunike padzuwa mukuwatambasula pang'ono ndi zala, kaboo kakang'ono kamaoneka. Lamulo langa ndi lakuti zachitsulo ndimafuna zakale za ku fakitale, zalabala ndimafuna zopangidwa posachedwa.

Pa makabuleta pomwepo ndionjezere ichi. Mapaketi okonzera kabuleta amene amagulitsidwa paliponse amabwera ndi majeti (tizitsulo ta tiboo todutsira petulo) onyezimira okongola. Paketi ina imene ndinagula, yopanda dzina la wopanga, majeti ake anali ndi manambala oyenera koma njinga inkatsamwa ndikangokoka mafuta. Nditabwezeramo majeti akale a Keihin, kampani imene inapanga makabuletawo, aja okhala ndi kachizindikiro ka K, nditawatsuka bwino ndi mankhwala ndi mpweya, kutsamwa kunatha. Kuchokera pamenepo m'mapaketi otere ndimangotengamo magasiketi ndi timphete ta labala. Jeti yakale musaitokose ndi waya, mkuwa wake ndi wofewa ndipo boo likakula silibwereranso. Onaninso nambala yodindidwa pa thupi la kabuleta, chifukwa makabuleta a zaka zosiyana ali ndi majeti osiyana ndi muyeso wosiyana wa fuloti, kachinthu koyandama pa petulo m'kabuleta.

Tsopano buku lachiwiri. Shop Manual ndi buku labwino, ndipo miyeso yake ndiyo ndimaikhulupirira kuposa ya kwina kulikonse. Mpata wa mavalavu injini ili yozizira ndi 0.05 mm kolowera ndi 0.10 mm kotulukira. Mpata wa mapointi, tizitsulo timene timadula moto kuti pulagi ithetheke, ndi 0.3 mpaka 0.4 mm. Taimingi imatcheredwa poona zizindikiro za LF ndi F pa gudumu la jenereta, LF ya silinda ya kumanzere ndi F ya kumanja. Likuuzaninso malire amene pisitoni, silinda kapena shafuti ikafikapo ndiye kuti yatha. Zinthu zimenezi sizifuna kuganizira, zimafuna kuwerenga ndi kuyeza.

Koma muyenera kudziwa kuti bukuli analembera amakaniko ophunzira a m'magalaja a Honda, amene anali ndi zida zapadera pakhoma. Limalankhula mwachidule kwambiri. Pamene munthu woyamba kumene akufuna mizere khumi yomufotokozera, ilo limanena mzere umodzi n'kupitirira. Chitsanzo ndi fyuluta ya oilo. Njinga imeneyi ilibe fyuluta ya pepala yotaya. Ili ndi kachikho kamene kamazungulira limodzi ndi crankshaft (shafuti yaikulu imene mapisitoni amazunguza) n'kumaponyera zinyalala m'mbali mwake, ndipo mumatsegula n'kupala matope akuda amene aunjikanamo. Kuti kachikhoko kachoke pamafunika sokete yapadera ya mano anayi. Bukuli limangotchula chidacho ngati kuti aliyense ali nacho. Amene alibe amatenga chizulo ndi hamala, ndipo ndaona manati ambiri ophwanyika m'mbali chifukwa cha zimenezi. Sokete imeneyo imapezeka, itanitsani limodzi ndi magasiketi. Gulaninso masikuludiraiva a JIS, opangidwa pa muyeso wa ku Japan. Mitu ya masikulu a njinga zakale za ku Japan imaoneka ngati ya Phillips koma inadulidwa mosiyana pang'ono, ndipo sikuludiraiva ya Phillips imaterereka n'kufafaniza mutu.

Ngati simunatsegulepo injini chiyambire, ikani pambali pake buku la Haynes kapena la Clymer. Amenewa analembera munthu wokonzera njinga pakhomo ndipo amapita pang'onopang'ono ndi zithunzi. Mabukuwa akasiyana pa muyeso, ine ndimatsatira la ku fakitale.

Za kasindikizidwe ndili ndi madandaulo awiri, ndipo onse ndi a kampani yosindikizanso ija, osati a mabuku enieniwo. Zojambula za mizere m'buku la masipeya zinatuluka bwino, zakuthwa, manambala ake akuwerengeka. Koma zithunzi za m'buku la amakaniko zinada kwambiri, zina mpaka muvi wolozera chinthu sukuoneka. Chachiwiri chinandipweteka kwambiri: chojambula cha mawaya anachichepetsa kuti chikwane tsamba limodzi, ndipo ndi chakuda ndi choyera, mitundu ya mawaya yangolembedwa ndi timalemba tating'ono. Ndinakachikulitsa pa makina a fotokope n'kuchilemba ndi mapensulo a mitundu. Chimene chimathandiza n'chakuti Honda inasunga mitundu yofanana pa njinga zake zambiri: wobiriwira ndi wa ethi, wofiira umachokera ku batire, wakuda umakhala ndi moto mukatsegula kiyi, wa olenji ndi wa indiketa ya kumanzere, wabuluu wowala ndi wa kumanja. Musanagule, pemphani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha tsamba la mawaya ndi tsamba limodzi la zithunzi. Mufunsenso ngati masamba oonjezera a njinga za zaka zomaliza alimo, chifukwa makope ena amathera pa zoyambirira.

Ena adzati bwanji kugula mabuku pamene makope ake amapezeka pa intaneti. Ndili nawonso amenewo pa kompyuta ndipo amandithandiza pofufuza usiku. Koma manja akakhala ndi girizi foni sigwirika, ndipo pa foni simungalembepo. M'buku langa la masipeya, pambali pa chipangizo chilichonse ndimaika chizindikiro ndi pensulo: chilipo, chasowa, ndaitanitsa, chafika. Pamene ndapeza nambala yatsopano yolowa m'malo mwa yakale ndimailemba pomwepo. Sankhani lomangidwa ndi waya wozungulira ngati lilipo, chifukwa limagona lokha pathebulo, pamene langa lomata ndi guluu layamba kale kuthothoka masamba a makabuleta ndi a magiya.

Kwa amene ali ndi Yamaha, Suzuki, Triumph kapena BSA yakale, mabuku a masipeya a ku fakitale aliponso, ngakhale kalembedwe ka manambala n'kosiyana. Pa njinga za ku Britain muonjezerepo kusamala pa mabawuti, chifukwa zambiri zakale zinagwiritsa ntchito miyeso ya Whitworth, BSF ndi Cycle, ndipo masipanala a mamilimita sagwira bwino pamenepo.