Chess ya dayisi pamalo a tiyi pa boma la Dedza

Ndakhala ndikupita pamalo amenewa Lachisanu lililonse kuyambira mu Juni, ndiye ndati ndinenepo zomwe ndaona. Ndi kanyumba kogulitsiramo tiyi kufupi ndi msika wa pa boma, ka matebulo asanu, mbaula pakona, zenera lake loyang'ana kuphiri la Dedza. Masana ndi malo wamba, tiyi wamkaka, mandasi ndi mazira owiritsa. Koma Lachisanu ikangokwana 4 koloko madzulo, mwini wake amapukuta matebulo atatu n'kuyalapo mabolodi a chess. Kusewera n'kwaulere, bola ugule kapu ya tiyi.

Chess ndinaiphunzira ndili ku koleji ya uphunzitsi, ndipo ndaisewera zaka zoposa 30. Komabe chaka chatha ndinatsala pang'ono kuisiya. Anyamata a masiku ano amaloweza maopening (njira zoyambira masewero) pa foni, uyu yotchedwa Sicilian, uyo London, ndipo ukakhala nawo pabolodi amasuntha kakhumi kapena kuposa, mofulumira ngati akuyankha ndondomeko ya kuchulukitsa m'kalasi. Iwe ukamati uyambe kuganiza, umapeza uli kale m'dzenje lomwe linakumbidwa ndi munthu wina wa kutali, osati mwana wakhala patsogolo pakoyu. Kugonja sikumandipweteka. Chimene chimandipweteka n'choti sitimakumana nzeru, ine ndi iye.

Pamalo pano amasewera mtundu wina wa chess wotchedwa Chess960. Anauyambitsa ndi Bobby Fischer, katswiri wa ku America amene anakhala ngwazi ya dziko lonse mu 1972 atagonjetsa Boris Spassky ku Reykjavik. Anaulengeza mu 1996 ku Buenos Aires, dandaulo lake lili lomweli, loti chess yasanduka mpikisano wa kuloweza. Kayendedwe ka zinthu zonse n'komweko, mapawn amaima pamalo awo a masiku onse, ndipo cholinga chikadali kupanikiza mfumu. Chosintha ndi mzere wakumbuyo basi: umasakanizidwa masewero asanayambe. Malamulo ake ndi ochepa. Bishopu mmodzi akhale pa kabokosi koyera, wina pa kakuda. Mfumu ikhale penapake pakati pa marook awiri. Wakuda aike zake moyang'anizana ndi za woyera.

Chimene chinandikopa tsiku loyamba ndi mmene mwini malo amasakanizira. Safuna foni. Ali ndi dayisi wa ludo amene amamugwedeza m'kapu yachitsulo, phokoso lake likamveka aliyense amasiya kucheza. Akaponya koyamba, nambala yapakati pa 1 ndi 4 imaonetsa kabokosi kakuda ka bishopu woyamba. Ikagwa 5 kapena 6 amaponyanso. Kachiwiri ndi ka bishopu wa pa koyera. Kenako mfumukazi, pa timabokosi 6 totsala, kenako mahatchi awiri. Timabokosi titatu tomalizira safunsanso dayisi: rook, mfumu, rook. Ine poti ndinkaphunzitsa masamu, ndinatenga pepala n'kuwerengetsera pomwepo: 4 kuchulukitsa ndi 4, ndi 6, ndi njira 10 zoikira mahatchi, yankho ndi 960 ndithu. Kaimidwe kathu ka masiku onse kaja ndi kamodzi chabe mwa zimenezi, nambala yake ndi 518.

Lachisanu lachiwiri ndinakhala ndi mnyamata wa Fomu 3 amene anandikwapulapo kangapo pa chess wamba. Dayisi anatipatsa zachilendo (timabokosi ta mzere wakumbuyo timatchulidwa ndi zilembo a mpaka h): mabishopu onse awiri m'makona, rook pa b, mahatchi moyandikana pa c ndi d, mfumukazi pa e, mfumu pa f, rook winayo pa g. Ine ndinali woyera, ndipo ndinasuntha pawn wa pa f kamodzi kuti mfumukazi ipeze potulukira. Mnyamata uja anatambasula dzanja mwachizolowezi, kenako analibweza n'kuliika pachibwano. Anakhala choncho mpaka tiyi wake anachita kachikopa pamwamba. Potsiriza anagwira mfumu ndi rook wa pambali pake n'kuzisinthanitsa malo.

Gogo wina amene ankaonerera anadzuka pabenchi. "Iai, iai! Chiyambire liti castling poyambirira penipeni?"

"Agogo, khalani pansi ndikuonetseni," anatero mwini malo. Anafotokoza kuti mu Chess960, pochita castling (kusuntha mfumu ndi rook nthawi imodzi), mfumu ndi rook zimakathera pomwe zimathera pa chess wamba, mfumu pa g ndi rook pa f, kapena mfumu pa c ndi rook pa d, kaya zinayambira pati. Chofunika n'choti zonse ziwiri zikhale zisanasunthepo, njira ikhale yopanda kanthu, ndipo mfumu isakhale pa check kapena kudutsa poopsa. Apa mfumu inali pa f, rook pa g, pakati palibe chotchinga, ndiye mwanayo sanalakwe.

Ndinatulutsa mfumukazi kupita pa g3. Pa chess wamba pawn aliyense amayamba ali ndi womuteteza kumbuyo, mwakuti maso athu anazolowera kusayang'ana zimenezo. Pa kaimidwe aka pawn wa pa c analibe mlonda. Mnyamatayo anatsegulira bishopu wake wa pakona, ine n'kudya pawn uja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ameneyo sindinamuone n'komwe." Masewerowo anatenga pafupifupi ola, ndipo anathera pofanana mphamvu chifukwa mwanayo ndi wakuthwa pomenya nkhondo ya pakati. Koma kuyambira kusuntha koyamba mpaka komaliza ndinkasewera ndi iyeyo, nzeru zake ndi zanga. Pobwerera kunyumba mphepo ya Juni inkalowa m'mafupa koma mtima unali myaa.

Lamulo lina la mwini malo ndimaliyamikira kwambiri. Kaimidwe kalikonse mumakasewera kawiri, kachiwiriko mutasinthana mitundu. Pali kaimidwe kena komwe kamakomera woyera kwambiri kuposa kena, ndiye mukasinthana palibe woti adandaule kuti dayisi anamukondera mnzake. Ndipo masewero achiwiriwo amakoma koposa, chifukwa aliyense amakhala ataona pomwe mnzake anapunthwa.

Ena amaganiza kuti ndi masewera a ana ongotayitsa nthawi. Ayi ndithu. Bungwe loyendetsa chess pa dziko lonse la FIDE linachititsa mpikisano wake woyamba wa dziko lonse mu 2019 ku Norway, ndipo Wesley So anagonjetsa Magnus Carlsen, amene pa nthawiyo anali ngwazi ya chess wamba. Mu 2022 ku Reykjavik anapambana ndi Hikaru Nakamura. Amene ali ndi foni ndi bandulo akhoza kuyeserera pa Lichess, tsamba la pa intaneti losewerapo chess, ilipo yaulere.

Tsopano zomwe sizikundisangalatsa, poti zilipo. Wotchi ya chess ndi imodzi pa matebulo atatu. Enafe timadalira foni ya wina, ndipo foniyo ikalira masewero amaima mpaka mwini wake amalize kulankhula. Bolodi lina lilibe rook mmodzi wakuda, anaikapo chitsekerero cha botolo. Pa chess wamba zimenezi sizivuta, aliyense amadziwa kuti cha pakonacho ndi rook. Koma rook akayambira pa b kapena pa e, chitsekererocho chimasokoneza, ndipo ndinaonapo anthu awiri akukangana ngati chinali rook kapena hatchi. Ndikuganiza kuti rook ameneyu anasowa Loweruka, tsiku lomwe anyamata amasewera bughouse, ija ya anthu anayi pa mabolodi awiri, pomwe chimene wadya umapatsira mnzako kuti akachiike pa bolodi lake. Ndinaionerera kamodzi. Anthu amaseka, amakuwa, "Ndipatse hatchi, ndipatse hatchi!" ndipo zinthu za mabolodi awiri zimasakanikirana. N'zosangalatsa kwa achinyamata, koma pomaliza pamafunika munthu wowerenga kuti bokosi lililonse labwerera ndi zinthu 32.

Kuwala nakonso n'kochepa. Babu linali limodzi pakati pa denga, ndipo nyengo yozizira ino dzuwa limalowa msanga. Magetsi akazima amayatsa tochi ya foni n'kuiika pamwamba pa kapu, mithunzi ya mfumu ndi mfumukazi n'kumafanana. Tebulo la kufupi ndi khomo ndi lozizira zedi, bwerani ndi jekete. La kufupi ndi mbaula ndi lofunda, koma utsi umalowa m'maso makala akakhala aawisi. Ndinamuuza mwini malo zonsezi, ndipo anayankha mwaulemu kuti, "Ndamva achimwene, tiyamba ndi babu." Lachisanu lotsatira ndinapeza waikadi lachiwiri. Rook uja sanabwerebe.

Chinanso, pamabwera amuna okhaokha. Ndinapitapo ndi mdzukulu wanga wamkazi amene amasewera kusukulu kwawo, ndipo anamulandira bwino, koma anali yekha pakati pa abambo ndi anyamata khumi ndi angapo. Aphunzitsi anzanga amene mumayendetsa chess m'masukulu a pafupi pano, bwerani nawo atsikana anu, malowa mulibe mowa kapena kubetcha ndalama.

Kwa mwana amene akungoyamba kumene, sindingamulangize kuyambira pano. Ayambe wadziwa chess wamba, aone chifukwa chake timalimbirana pakati pa bolodi ndi kutulutsa mahatchi ndi mabishopu msanga, makamaka ngati akufuna kukalowa mipikisano ya m'masukulu kapena ya CHESSAM, bungwe loyendetsa chess m'Malawi muno. Mfundo zimenezo ndi zomwe zimakupulumutsa dayisi akakupatsa zachilendo. Koma kwa amene mukudziwa kale kusewera ndipo mwatopa ndi kuyamba mofanana tsiku ndi tsiku, kapena munasiya chifukwa mulibe nthawi yoloweza, pitani mukayese. Tiyi wake ndi wotentha bwino, wamkaka wokwanira, ngakhale shuga amachulutsa ukapanda kunena. Mandasi amatha msanga.

Fikani isanakwane 4 koloko ngati mukufuna tebulo la pakati, pomwe sipafika utsi kapena mphepo ya pakhomo. Amatseka cha m'ma 7. Ine Lachisanu likubwerali nditenga rook wakuda wa m'bokosi langa lakale, lomwe mapawn ake anatha kusowa, ndikamusiye kumeneko.